Tsitsi lofiira la m'phanga la ku Menorca

Bedi la pakona

Ndimagwira ntchito ya unamwino kuno ku England, mu wodi ya anthu okalamba, ndipo kawirikawiri ndimakhala wa usiku. Anzanga a ntchitoyi mukudziwa mmene wodi imakhalira ikamakwana 2 koloko. Magetsi achepetsedwa, kukungomveka mkonono ndi kulira kwa timakina.

Pabedi la pakona panagona agogo ena aamuna amene anachita sitiroko. Kumeza kunkawavuta, malovu ankangotuluka n'kumanyowetsa pilo, mpaka khungu la pachibwano linayamba kusupuka. Adokotala anawalembera kapulasitala komata kuseri kwa khutu, ka mankhwala a hyoscine, kuti malovuwo aume. Ndi mankhwala odziwika bwino, ndipo anagwiradi ntchito yake. Pilo anauma.

Usiku wotsatira ndinawapeza atakhala tsonga. Anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, koma apa maso anali tong'o, kakuda ka pakati pa diso katakula kwambiri. Nkhope inali psu, khungu lotentha koma louma, popanda ngakhale kadontho ka thukuta. Zala zawo zinkatolatola tinthu pabulangeti, tinthu timene ine sindinkationa, n'kumatiika bwinobwino m'dzanja linalo. Kenako anatembenukira kumpando wopanda munthu umene unali pambali pa bedi, n'kuyamba kucheza.

Sikunali kubwebweta kwa munthu wa malungo aakulu, kumene mawu amangolumphalumpha opanda mutu. Uku kunali kucheza kwenikweni. Ankalankhula, n'kudikira yankho, n'kugwedeza mutu, n'kusekako pang'ono, n'kuyankhanso. Dzina limene ankatchula linali la mchimwene wawo. Mwana wawo wamkazi anali atandiuzapo kale kuti mchimwene ameneyo anamwalira akadali mnyamata, pangozi ya mumgodi wa malasha. Nditayandikira kuti ndiwayeze, anandigwira mkono mwaulemu n'kundipempha kuti ndisaime pamenepo chifukwa ndikumutchinga mlendo wawo. Ndinasuntha.

Ndinachita zonse zimene tinaphunzitsidwa. Mtima unkathamanga, thupi linali litatentha, chikhodzodzo chinali chodzaza koma mkodzo osatuluka. Ndinaitana adokotala, tinamatula kapulasitalako, ndinatsuka pamalopo. Koma mankhwalawa amakhalabe m'khungu kwa maola ambiri ngakhale wamatula, choncho panalibe chofulumizitsa. Ndinapempha mnzanga kuti andionereko odwala ena, ndinakoka kampando kena n'kukhala mbali inayo ya bedi. Ndinkawanyowetsa milomo, kuwapukuta ndi kansalu kozizira, kuwabweza akafuna kutsika pabedi kuti aperekeze mlendo wawo. Nthawi yotsalayo ndinkangomvetsera. Anakambirana za njinga imene anabwerekana osauzana, za galu wina, za mayi awo. Penapake mawu awo anatsika, ndipo anapepesa kuti tsiku la ngoziyo sanadzuke kukamutsanzika.

Atatsitsimuka ndinawafunsa ngati akukumbukira kalikonse za usiku umenewo. Anandiyang'ana modabwa. Sankakumbukira ngakhale pang'ono. Zonse zija ndinatsala nazo ndine.

Zimene anapeza m'tsitsi

Mu April 2023, ndili pabuleki kapu ya tiyi ili m'manja, ndinaona pafoni nkhani yoti asayansi apeza mankhwala osokoneza bongo m'tsitsi la anthu amene anamwalira zaka pafupifupi 3,000 zapitazo. Ndikanangoipitirira, koma diso linagwera pa dzina loti scopolamine. Scopolamine ndi hyoscine ndi mankhwala amodzi omwewo. Ndinaika kapu pansi.

Pachilumba cha Menorca, m'nyanja ya Mediterranean, mbali ya dziko la Spain, pali phanga lotchedwa Es Càrritx, m'chigwa cha Algendar. Analitulukira mu 1995 anthu okonda kulowa m'mapanga. Chipinda choyamba cha phangalo chinali manda kwa zaka pafupifupi 600, kuyambira cha m'ma 1400 mpaka 800 BC, ndipo munaikidwa anthu oposa 200, amuna, akazi ndi ana omwe. Ena mwa omwalirawo ankachitiridwa mwambo wapadera. Tsitsi lawo ankalipaka utoto wofiira, kulipesa, kudulako timitolo, n'kutitsekera m'timabotolo tosema kuchokera ku mtengo kapena nyanga. Pazivindikiro zake anagobapo mizere yozungulira, wina mkati mwa unzake. Cha m'ma 800 BC, nthawi imene anthu ankasiya kuika maliro m'phangamo, wina anatenga timabotoloto pamodzi ndi chipeso cha mtengo ndi ziwiya zina, n'kulowa nazo mpaka chipinda chachisanu, kutali mkati, n'kuzikwirira m'dzenje. N'chifukwa chake tsitsilo lafika mpaka lero osawola.

Kwathu tikaika maliro timameta ife otsala. Iwo ankameta womwalirayo. Koma nditawerenga za chipeso chija sindinavutike kuona manja a munthu wachisoni akupesa mutu wa m'bale wake komaliza.

Gulu lotsogoleredwa ndi Elisa Guerra-Doce wa ku yunivesite ya Valladolid linayeza tsitsilo n'kupezamo zinthu zitatu: atropine, scopolamine ndi ephedrine. Tsitsi limasunga mbiri ya zimene zadutsa m'magazi, ndipo limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Lina mwa tsitsilo linali lotalika masentimita 13, ndipo ofufuzawo anaona kuti mwini wake ankamwa mankhwalawa mobwerezabwereza kwa nthawi yoyandikira chaka asanamwalire. Sikunali kudya chomera mwangozi kamodzi. Uwu unali umboni woyamba ku Ulaya wochokera m'thupi la munthu weniweni wa nthawi zakale chonchi. M'mbuyomo akatswiri ankadalira njere zopezeka m'nthaka, zotsalira m'miphika ndi zithunzi.

Atropine ndi scopolamine zimachokera ku zomera za banja limodzi ndi tomato, mbatatesi ndi fodya, monga henbane, mandrake, belladonna ndi datura. Mandrake ndi chomera chija Rubeni anachipeza kumunda nthawi yokolola tirigu, Rakele n'kuchipempha kwa Leya. Ephedrine imachokera ku chitsamba cha ephedra, ndipo ntchito yake ndi kugalamutsa thupi ndi kuthamangitsa tulo. Zonse zitatu zili m'makabati athu a kuchipatala. Atropine timabaya mtima ukamagunda mochedwa kwambiri, komanso munthu akamwa mankhwala ophera tizilombo m'munda. Amene munagwirako ntchito m'zipatala za kumudzi mukudziwa kuchuluka kwa jakisoni amene amathera pa munthu mmodzi wotere usiku umodzi. Ephedrine amabaya kufiyeta BP ikatsika.

Amene anakhala pambali

Manyuzipepala ambiri analemba nkhaniyi moseka, ngati kuti anthu a ku Menorca ankakachita phwando kuphanga. Zinandiwawa, chifukwa ndinaona ndi maso anga zimene scopolamine imachita.

Mankhwalawa amatchinga acetylcholine, kanthu kamene minyewa imagwiritsa ntchito potumizirana mauthenga. Kakatchingidwa, malovu amauma, thukuta limasiya, thupi limatentha, mtima umathamanga, mkodzo umakanika, maso saona zapafupi. Mbali ya ubongo yosunga zimene zikuchitika imazima. Wodya bowa wa masomphenya kapena womwa LSD, mankhwala ena obweretsa masomphenya, kawirikawiri amadziwa kuti zimene akuonazo zachokera ku mankhwala. Wa henbane sadziwa. Saona mitundu yovinavina ayi. Amaona anthu, atavala zovala zawo, atakhala pampando, nthawi zambiri anthu amene amawadziwa, amoyo kapena akufa. Amacheza nawo, amawapatsira zinthu. Kukacha, zambiri sakumbukira.

Komanso mlingo wobweretsa masomphenya ndi mlingo wakupha n'zoyandikana koopsa, ndipo mphamvu ya chomera imasintha malinga ndi nthaka, nyengo ndi mbali ya chomeracho. Datura amamera m'mabwinja ndi m'makola akale ngakhale kwathu komwe, uja wa maluwa oyera ndi zipatso zaminga, ndipo ana amene adya njere zake amafika kuchipatala ali kayakaya. Ndapota nanu, musamuyese.

Ndiye taganizani za munthu amene ankamwa zoterezi mobwereza kwa chaka, osafa nazo. Payenera kuti panali chidziwitso chosamalitsa kwambiri, chopatsirana kuchokera kwa akuluakulu: muzu uti, nyengo iti, wochuluka bwanji. Ofufuzawo akuganiza kuti omwawo anali anthu apadera, olankhula ndi mizimu m'malo mwa mudzi wonse. Zimandimvekera. Ngati mudzi ukufuna kumva kuchokera kwa akufa ake, zomera za banja la henbane zingawakhazike pampando momveka bwino chonchi.

Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kuiwala kuja. Ngati womwayo sakumbukira kukacha, ndiye kuti uthenga sunali m'mutu mwake. Unali m'makutu mwa amene anachezera naye. Mwambo umenewu sukanatheka ndi munthu mmodzi. Pankafunika womugwira kuti asagwere pamoto kapena kuphompho, pakuti chigwa cha Algendar ndi cha matanthwe ataliatali. Pankafunika womunyowetsa milomo ndi kumuziziritsa thupi. Pankafunikanso womvetsera, woti asunge mawu ake n'kukawafikitsa kwa eni ake m'mawa. Ofukula zakale apeza tsitsi la womwayo. Za wokhala pambaliyo palibe chimene chingatsale m'nthaka, chifukwa ntchito yake inali ya manja ndi makutu basi. Koma ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti analipo, popeza mankhwalawa salola kuti asakhalepo.

Ndinazindikira zimenezi chifukwa cha zimene zinachitika ndi mwana wa agogo aja. Atabwera kudzazonda, ndinamutengera pambali n'kumufunsa ngati angafune kumva zimene bambo ake ankanena usiku uja. Anavomera. Za njinga ndi za galu anaseka. Nditafika pa kupepesa kuja anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati moyo wake wonse sanawamvepo bambo ake akutchula za tsiku limenelo. Bamboyo analankhula, koma mawuwo anafika kwa mwana wawo kudzera mwa mlendo wochokera ku Malawi amene anangopezeka kuti wakhala mbali inayo ya bedi.

Utsi wa pambuyo pa maliro

Nditayamba kuwerenga zambiri, ndinaona kuti zomera zimenezi zimangopezeka pafupi ndi maliro. Mbali ina n'chifukwa choti manda ndi amene amasunga zinthu, pamene za m'nyumba zimawola kapena kutayidwa. Koma pali mboni ina imene inachita kunena ndi mawu.

Herodotus, Mgiriki amene analemba cha m'ma 430 BC, anafotokoza za anthu a ku Scythia, okwera pamahatchi amene ankakhala kumpoto kwa Black Sea, kumene lero kuli Ukraine ndi kummwera kwa Russia. Munthu wamba akamwalira, abale ake ankamuika pangolo n'kumuyendetsa kwa anzake onse kwa masiku 40. Kulikonse ankalandiridwa ndi chakudya, ndipo womwalirayo ankamuikiranso chake. Akamuika m'manda, ankadziyeretsa. Ankatsuka kumutu, kuzika mitengo 3 yogundana nsonga, kuifunditsa nsalu zokhuthala zaubweya, kuika miyala yamoto m'mbale pakati pake, kenako kukwawira mkati n'kuponya njere za chamba pamiyalapo. Herodotus akuti nthunzi yake inkaposa ya bafa lililonse la ku Greece, ndipo anthuwo ankakuwa mokondwa. Iye anamva chikondwerero m'kukuwako. Ine ndikaganiza za anthu amene ayenda ndi mtembo masiku 40, ndimamva anthu akutula mtolo. Ndipo onaninso, ankalowamo pamodzi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Sergei Rudenko anafukula manda oundana ku Pazyryk, m'mapiri a Altai ku Siberia, a anthu a chikhalidwe chofanana ndi chimenechi. Anapezamo timitengo ta kachisakasa, ziwiya zamkuwa zodzaza miyala, ndi njere za chamba zopserera. Siberia ndi kutali ndi Ulaya, koma zinaonetsa kuti Herodotus sankapeka.

Chakale kuposa zonsezi ndi poppy, chomera chimene chimatipatsa opium ndi morphine. Ambiri timaganiza kuti chinachokera ku Asia, koma umboni wakale kwambiri wa kulimidwa kwake uli chakumadzulo kwa Mediterranean. Pamudzi wakale wa La Marmotta, umene pano uli pansi pa nyanja ya Bracciano pafupi ndi Rome, panapezeka njere zake za zaka zoposa 7,000. Njere zokha sizinena zambiri, poti zimadyedwa komanso zimatulutsa mafuta. Koma m'phanga la Cueva de los Murciélagos ku Albuñol, kummwera kwa Spain, m'zaka za m'ma 1800 munapezeka mitembo youma, pambali pake pali timadengu toluka ndi udzu wa esparto, ndipo pakati pa zimene anaikiridwazo panali mitu ya poppy. Ku Gazi, pachilumba cha Crete, kunapezeka chifaniziro chadothi cha mulungu wamkazi cha m'ma 1300 BC, manja atakwezedwa m'mwamba, pamutu pali mitu 3 ya poppy. Mituyo ili ndi mizere yochekedwa mmene amachekera pofuna utomoni wake. Amene anachiumba ankadziwa bwino chimene chimatuluka m'mizeremo.

Za Eleusis

Nkhani imene imakondedwa kwambiri pa intaneti ndi ya Eleusis, malo opatulika a ku Greece wakale, ndipo ndi imene ine sindipita nayo patali.

Kwa zaka pafupifupi 1,000, chaka chilichonse cha m'mwezi wa September, anthu masauzande ankayenda wapansi kuchoka ku Athens mtunda wa makilomita pafupifupi 22 kupita kukachisi wa Demeter, mulungu wamkazi wa mbewu amene mwana wake Persephone anatengedwa kupita kudziko la akufa. Aliyense wolankhula Chigiriki ankaloledwa, mkazi, kapolo, wolemera, kupatula wokhetsa magazi. Ankasala kudya, kumasula ndi chakumwa chotchedwa kykeon, n'kulowa usiku m'holo yaikulu ya Telesterion. Kuulula zimene ankaona mkatimo unali mlandu wa imfa. Mu 415 BC Alcibiades, mkulu wankhondo wotchuka wa ku Athens, anaweruzidwa kuti aphedwe iye kulibe, pomuimba mlandu woti anasewera mwambowu m'nyumba ya munthu. Cicero wa ku Rome analemba kuti kumeneko anthu amaphunzira kukhala mokondwa komanso kufa ndi chiyembekezo chabwinopo.

Mu 1978 anthu atatu, Gordon Wasson, Carl Ruck ndi Albert Hofmann amene anapanga LSD, ananena kuti mwina chinsinsi chonse chinali m'chakumwacho. Nyimbo yakale yotamanda Demeter imati kykeon anali madzi, ufa wa barele ndi tsamba lonunkhira la mtundu wa mint. Iwo anati mwina bareleyo anali ndi ergot, kafangasi kakuda kamene kamamera pangala m'malo mwa njere. Ergot timaidziwa. Ergometrine amene azamba amabaya mayi akamataya magazi atabereka amachokera mmenemo, ndipo LSD inapangidwa kuchokera ku zinthu za mu ergot yomweyo. Koma ergot yosayengedwa imafinya mitsempha ya magazi mpaka zala kuwola, imagwetsa munthu khunyu, imachotsa mimba. Inapha anthu ambirimbiri ku Ulaya amene ankadya buledi wa rye woipitsidwa. Ndipo ku Eleusis konko sikunapezeke chiwiya chokhala ndi zotsalira zake.

Sindikunena kuti n'zosatheka. Koma ndimaona kuti ambiri ofunitsitsa kuti ganizoli likhale loona ali ndi chikhulupiriro chobisika, choti mtima wa munthu sungasinthike popanda kumeza kanthu. Njala, kutopa kwa ulendo, mdima, khamu la anthu amene aliyense anaferedwapo, nkhani ya mayi wofunafuna mwana wake, kenako moto waukulu kuwala mwadzidzidzi mumdimamo, zimenezi pazokha zimamugwedeza munthu mpaka m'mafupa. Tikamakakamira kuti chinsinsi chinali m'kapu, timakhala tachotsapo anthu onse aja.

Ndi chimodzimodzi ndi nkhani yoti ankhondo a chi Viking, anthu akale a kumpoto kwa Ulaya, ankadya bowa wofiira wa madontho oyera asanapite kunkhondo. Anaiyambitsa Samuel Ödmann wa ku Sweden mu 1784, patapita zaka mazana ambiri nthawi ya ma Viking itatha, ndipo nthano zawo zakale sizitchula bowa ameneyu.

Fupa lotsekedwa ndi mayi wa m'ngolo

Umboni wa henbane umavuta chifukwa ndi udzu womera wokha m'mabwinja ndi pandowe. Kupeza njere zake pamudzi wakale sikutanthauza kuti munthu anachita kuzitola. N'chifukwa chake fupa la ku Houten n'lofunika. Mu 2017, pamalo otchedwa Houten-Castellum pafupi ndi Utrecht ku Netherlands, anafukula fupa la ntchafu ya nkhosa kapena mbuzi, lobowoledwa mkati, lotsekedwa ndi phula la makungwa a mtengo wa birch. Mkati mwake munali njere za henbane mazanamazana. Ndi la pakati pa AD 70 ndi 100, pamudzi wa alimi wa kumalire a ufumu wa Roma, ndipo Maaike Groot ndi anzake anafalitsa zotsatira zake mu 2024. M'nyengo yomweyo Dioscorides, sing'anga wachigiriki, analemba kuti henbane ilipo mitundu 3, kuti ya njere zakuda imachititsa misala ndipo ndi yofunika kuipewa, pamene yoyera ndiyo yabwino pochepetsa ululu. Mwini fupa uja mwina ankachiza dzino, mwina ankachita zina, pakuti nthawi imeneyo kuchiza ndi kupembedza sizinali zotalikirana. Ine chimene ndimayang'ana ndi chotsekera chija. Ankadziwa kuti si zinthu zosiya poti mwana angafikepo.

Patapita zaka 900, cha m'ma 980, ku Fyrkat, linga lozungulira la mfumu Harald Bluetooth ku Denmark, anaika mayi wina m'bokosi la ngolo. Anamuika ndi ndodo yachitsulo, mphete zasiliva kuzala zakumapazi, kachithumwa kasiliva kooneka ngati mpando, timafupa ta mbalame ndi tinyama, komanso njere za henbane. Akatswiri amati anali völva, mlosi wamkazi. Mfumuyo inadzitama pamwala wa ku Jelling kuti inasandutsa anthu a ku Denmark kukhala Akhristu, koma pafupi ndi linga lake lomwe mayiyu anaikidwa mwaulemu waukulu.

Nthano ina ya ku Iceland, yolembedwa m'zaka za m'ma 1200, imafotokoza mmene mlosi wotere ankagwirira ntchito. Kunali njala ku Greenland, ndipo anamuitana kuti anene ngati idzathe. Anamukhazika pampando wautali, akazi anamuzungulira, koma sakanayamba mpaka patapezeka wodziwa nyimbo yoitanira mizimu. Anapezeka mtsikana mmodzi yekha, Mkhristu, amene poyamba anakana, kenako anaimba pofuna kuthandiza mudzi. Nthanoyo sitchula henbane. Koma imatchula chimene nthaka singasunge: bwalo la anthu omuzungulira.

Makiyi a kabati

Zomerazi zinachoka m'mapanga n'kulowa m'minda ya amonke, kenako m'malabotale. Friedrich Sertürner anapatula morphine kuchokera ku opium cha m'ma 1805. Atropine inapatulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1830, hyoscine mu 1880. Lero munthu akatsala pang'ono kutisiya, kamakina kolowetsa mankhwala pang'onopang'ono pansi pa khungu kawirikawiri kamakhala ndi morphine wa ululu ndi hyoscine woumitsa makhololo pakhosi, ngakhale kuti timakonda mtundu wake wosalowa kwambiri muubongo. Zomera zomwe zija zidakali pantchito pambali pa imfa.

Pankhani ya mlingo tawaposa akale kutalitali, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo. Morphine amakhala m'kabati yokhoma, makiyi ali ndi munthu mmodzi wodziwika. Potulutsa timakhala anamwino awiri, timawerenga otsala, timasaina m'buku tonse awiri. Koma mbali inayo, ya wokhala pambali, tangoisiya kuti izichitika ngati nthawi ilipo, ndipo usiku nthawi sikhalapo. Namwino mmodzi amakhala ndi odwala ambiri. Wosokonezeka mutu amangolembedwa m'faelo kuti wasokonezeka, ndipo zimene ananena zimathera m'makatani.

Musandimve molakwa. Sindinayambe kukhulupirira kuti mankhwala amatsegula khomo la kumanda. Kusokonezeka mutu kwadzidzidzi ndi ngozi, ndipo ntchito yathu yoyamba ndi kufufuza chimene chayambitsa, kaya ndi matenda a m'chikhodzodzo, kudzimbidwa, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena mankhwala amene tapereka, n'kuchichotsa. Chimene chinasintha mwa ine ndi zimene ndimachita podikira kuti mutu ubwerere. Sindikangana ndi wodwala pa zimene akuona. Ndimafunsa kuti wabwera ndani, ndipo akuti chiyani. Akakhala ndi mantha ndimayatsa getsi, ndimamugwira dzanja, ndimamuuza kumene ali ndi dzina langa. Akakhala pamtendere ndimamvetsera, ndipo zimene wanena ndimazilemba. M'mawa, ngati mwini wake wabwerera m'maganizo, ndimayamba ndafunsa iyeyo. Ngati sangathe, ndimafunsa achibale ngati akufuna kuzimva. Ambiri amafuna.

Ndipo kamakina kaja kakangoikidwa sindidikira kuti kuche. Ndimaimbira achibale usiku womwewo, ndimakoka mpando wogonapo kuchokera kuchipinda cha alendo, ndimawaonetsa mmene anganyowetsere milomo ndi kasiponji. Amene alibe wachibale timagawana maola ndi anzanga a pashifiti, ndipo dzina la amene akhale naye ola lililonse timalilemba papepala lopatsirana ntchito, pamzere wotsatana ndi wa mankhwala.